Ndinakwera Phiri la Zomba Kukanena Maliro Anu

Amayi,

Kodi kumene muliko mukukhalako bwanji? Kuno tadzuka. Ana a sukulu aweruka, bwalo lati zii, ndiye ndakhala pakhonde kuti ndicheze nanu pang'ono, ngakhale ndikudziwa kuti mapepala simunkawakhulupirira kwenikweni.

Masiku ano ndikumakumbukira ulendo wina wakale. Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, kapena zitatu. Kunamwalira khanda la mng'ono wanu, ndipo panafunika kukauza amalume kutsidya kwa Apwitikizi. Munandigwira dzanja m'mamawa udzu ukadali ndi mame, tinadutsa Biriwiri, tinawoloka msewu, tinayenda mpaka dzuwa linafika pamutu. Miyendo itayamba kundiwawa ndinakufunsani kuti bwanji simunangowauza anthu aja amapita kumeneko kukagula fodya. Munaima, munandipukuta mphuno ndi nsonga ya nsalu yanu, n'kunena kuti, "Za maliro sitipatsira munthu wa panjira, Tomasi. Umapita wekha, ukakhale pansi, akuone nkhope." Titafika simunalowe m'nyumba, madzi omwe simunalandire. Munakhala pansi pabwalo, miyendo tambalale, mpaka amalume anatuluka n'kukhala moyang'anana nanu. Pamenepo m'pamene munanena. Ine maso anali pa nthochi zakupsa zimene zinali pakhonde.

Zonsezo ndinaziona ndekha, Amayi, koma tsiku limene inu munatisiya ndinachita zina. Achimwene a Filipo anali pa phiri la Zomba, kumene amalonda nyumba ya mzungu chibwerere ku Joni ndi chifuwa chawo chija. Ine, pokhala mphunzitsi, ndinathothola pepala m'kope, ndinalemba mizere isanu, n'kukaponya ku positi ku boma. Mumtima ndinkati ndachita changu. Kalatayo inapita ku nyumba ya m'tauni ya bwana wawo, ndipo inagona kumeneko pakati pa makalata ena mpaka nyengo yotentha, pamene bwanayo anakwera kuphiri. Inatenga miyezi inayi. Chichokere apo achimwene sanabwere kumudzi, ndipo makalata atatu amene ndinalemba pambuyo pake sanayankhe ndi imodzi yomwe. Tsopano zakwana zaka zinayi.

N'chifukwa chake nyumba yanu ikadali chiimire. Mukudziwa nokha kuti kwathu kuno nyumba ya malemu sitiisiya kuti igwe yokha. Ana amasonkhana n'kuisasula, ndipo mtolo woyamba wa udzu amazula ndi mwana woyamba, amene kwa inu ndi achimwene a Filipo. Ife tinameta, tinachita mapemphero, koma denga palibe anakhudza. Mzati wadyedwa ndi chiswe, khoma la kumadzulo lapendekeka, ndipo nkhunda zapeza polowera pamwamba.

Zina zonse zikuyenda. Achemwali a Esitere anabala mwana wamkazi chaka chatha, tinamutcha Marita, dzina lanu. Ali ndi chipumi chanu, ndipo akakwiya amatseka diso limodzi monga munkachitira inu. Chimanga chaka chino chadzaza nkhokwe ziwiri. Nyemba zinaphwanyidwa ndi matalala, koma kachewere wa kudimba la kumtunda wabereka mpaka tasowa pomuika. Ng'ombe yanu yamawanga, ija munkati ili ndi mtima wa mbuzi, inagweranso m'chigwembe potsata udzu wa mbali ina, ndipo tinaitulutsa amuna asanu ndi zingwe. Ili bwino, ikungotsimphina mwamanyazi. Mtengo wa pichesi umene munabzala kuseri kwa khola wayamba maluwa masamba asanatuluke. Apongozi anu, akazi anga anaNyoni, maso akuwavuta ndi utsi, koma akuti ndikupatseni moni.

Amene anandidzutsa ndi achemwali. Sukulu itatsekera nyengo yozizirayi anandipeza ndikukonza mpanda, ndipo anaima manja ali m'chiuno.

"Aphunzitsi, nyumba ya amayi mvula ikubwerayi siipirira. Ikagwa yokha anthu adzati anaNgozo sanabale."

"Ndalemba makalata atatu, achemwali."

"Eya, lembani yachinayi, muike pamzati paja chiswe chiwerenge. Kodi miyendoyi Mulungu anakupatsani yopachikirapo buluku?"

Ndinaseka, koma mawuwo anandilowa. Patapita masiku awiri ndinakwera lole yonyamula kachewere, ndinakhala pamwamba pa matumba. Pa Nsipe tinaima, amayi ena anatigulitsa chinangwa chophika, kenaka tinayamba kutsika. Jekete limene ndinavala pochoka ndinalivula tisanafike pa Balaka. Pa Liwonde lole inakwera pantoni, chibwato chowolotsa magalimoto pa Shire, ndipo ndinaona mvuu zikutulutsa makutu okha m'madzi. Chakumadzulo phiri linaonekera kutsogolo kwathu, lalitali ngati khoma, mutu wake utabisala m'mitambo. Ndinagona kwa mnzanga wina amene tinaphunzira naye zauphunzitsi.

M'mawa anandilozera kanjira kamene anthu a kuseri kwa phiri amatsika nako ndi kachewere pamutu kupita kumsika. Ndinakumana nawo ambiri, akutsetsereka opanda nsapato, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Ndinkawapatukira, iwo n'kumati, "Zikomo, bambo, pamwamba si patali." Onse ankanena chimodzimodzi, ndipo onse ankanama. Ndinakwera mpaka mawondo anayamba kunjenjemera. Nditacheuka ndinaona tauni yonse ili pansi, madenga ake ngati zibenthu za mbale yosweka.

Kenaka njira inalowa m'nkhalango, ndipo sindikudziwa kuti ndikufotokozereni bwanji, Amayi. Mapiri timawadziwa, tinabadwira m'mapiri, koma athu ndi a udzu ndi miyala ndi mphepo. Uko kuli mitengo ya paini imene a zankhalango anabzala m'mizere ngati chimanga, yowongoka, yaitali kuposa nsanja ya tchalitchi. Pansi pake pali masamba ake onga singano, ofiirira, ofewa, moti munthu sumva mapazi ako omwe. Fungo lake ndi ngati la bokosi latsopano la mmisiri. Kumene kuli mtsinje mitengo yakale anaisiya, ndipo nthambi zake zalendewera ndevu zotuwa, madzi akudontha kunsonga kwake ngakhale kulibe mvula. Kunalibe tambala, kunalibe mtondo, kunalibe mwana wolira. Ndinkangomva madzi kwinakwake kumene sindinkawaona.

Ndili m'kati momwemo inafika nkhungu. Sinabwere ngati ya kwathu, yothamanga ndi mphepo. Inkayenda pang'onopang'ono pakati pa mitengo, kuifafaniza umodzi umodzi, mpaka ndinatsala ine ndi mitengo itatu. Ndinakhala pa chitsa. Sindikudziwa kuti ndinakhalapo nthawi yaitali bwanji. Mwina ndinasinza. Ndinkaona ngati kutsogoloko kukuyenda munthu wamfupi wovala nsalu ya biriwita, dengu lili pamutu, akuima pang'ono kuti mwana wam'mbuyo amupeze. Sindinachite mantha, ndipo sindinaitane. Ndinangoti mumtima, kumene kuli Amayi mwina n'kotere: kozizira bwino, kopanda phokoso, kopanda wofunsa msonkho. Nkhungu itapepuka panalibe munthu. Panali tchire la minga lokhala ndi tizipatso tachikasu. Ndinathyola titatu, tinali towawasa pang'ono.

Nyumbayo ndinaipeza dzuwa litapendeka. Ndi ya miyala, denga la malata ofiira, ili yokhayokha pamalo poyera pakati pa mitengo, ndipo kutsogolo kwake kuli dimba la maluwa okhaokha. Munthu wina ankawaza nkhuni kuseri. Ndinawadziwa ndi msana kuti ndi achimwene. Imvi zadzaza mutu wonse, Amayi, ndipo akawerama amafanana ndi abambo. Koma chifuwa chija chachepa. Akuti mpweya wa kumeneko wawathandiza.

Anandiyang'ana nkhwangwa ili m'manja.

"Aphunzitsi. Mwasochera?"

"Ayi, achimwene, ndabwera kwa inu."

"Nanga positi yatsekedwa?"

Anatsamiritsa nkhwangwa pa chipika, anandilandira chikwama, anandipatsa mpando m'khitchini, anateleka ketulo. Anandilandira bwino kwambiri, monga amalandirira mlendo amene sukumudziwa. Anafunsa za mvula, za ng'ombe, za ana anga mmodzi mmodzi. Anati mkazi wawo ndi ana ali kumunsi kwa phiri, amatsikako Lamulungu. Za inu sanafunse, ine sindinayambe.

Atatha tiyi anandionetsa nyumba. Eni ake amabwera nyengo yotentha yokha, pothawa dzuwa la m'tauni; miyezi ina yonse mumakhala mopanda munthu. Mabedi ndi mipando anaziphimba ndi nsalu zoyera. M'mawa uliwonse achimwene amatsekula mazenera, amapukusa wotchi yaikulu ya pakhoma imene palibe amaiyang'ana, ndipo amasonkha moto m'chipinda chopanda anthu kuti mabuku asachite nkhungu ndi chinyezi. Tinkayendamo monyang'ama, kulankhula motsitsa, ngati muli wina wagona. Pazenera lalikulu anandiuza kuti kukakhala kopanda mitambo amaona mapiri a kwathu, kutali, obiriwira ngati utsi. Tsiku limenelo kunali koyera mbee ndi mtambo.

Anandifikitsanso kumtsinje, pamene madzi amatsika pa miyala yakuda n'kupanga dziwe. M'menemo muli nsomba zimene azungu anachokera nazo kwawo.

"Bwana amaima apa tsiku lonse ndi mbedza yomangirira nthenga," anatero. "Akaigwira amaiyang'ana, amaiyeza ndi dzanja, n'kuibwezeramo. Ine ndili apo ndi dengu, malovu ali m'kamwa. Mwaphunzira inu, tandiuzani, imeneyo ndi nzeru ya buku liti?"

Tinaseka tonse awiri, ndipo kuseka kwawo sikunasinthe. Koma kutangotha anabwezanso nkhope ija ya mlendo.

M'mawa mwake nkhungu inali itafika pakhomo penipeni. Tinali pa mulu wa nkhuni, iwo akuwaza, ine ndikusanja. Ndinalimba mtima ndinati, "Achimwene, nyumba ya amayi ikugwa. Tikudikira inu."

Anawaza chipika china, ndi chinanso. Kenaka anakhala pansi, anatulutsa kachitini ka fodya m'thumba, ndipo m'menemo munalibe fodya. Munali pepala langa lija, lopindidwa kangapo, mizere yake ya m'kope itayamba kufufutika.

"Mukudziwa kuti zolemba zanu zolumikizalumikizazi ine sinditha kuwerenga," anatero. "Ndinapatsa khuku wa bwana, munthu wa kutali, wosadziwa kwathu. Anandiwerengera akusenda anyezi. Dzina la amayi analitchula molakwika, kawiri. Atamaliza anati pepani, n'kundifunsa kumene ndinaika mafuta a nyale."

Anakhosomola pang'ono.

"Miyezi inayi, Tomasi. Miyezi inayi ndinkagwada m'kanyumba kanga ako kupempherera mwendo wawo kuti upole. Mwendo uli m'dothi. Ku Joni munthu akafera mumgodi, anzake a kumudzi kwawo ankasankha mmodzi wobwerera, kuti akafika asayambe wapita kwawo, ayambe wakakhala pansi pakhomo pa mayi wa malemuyo. Anthu osaphunzira amenewo. Iwe unali ulendo wa masiku awiri okha."

"Ndinalakwa, achimwene. Ndinkaona ngati kalata ifulumira."

"Sindikuti unalakwa kapena sunalakwe. Ndikuti ine sindinauzidwe. Pepala si m'bale wanga. Kwa ine amayi ali ku Biriwiri, akupalira kachewere wawo. Ndiye ndikasasule nyumba ya munthu wamoyo? Ndikalire maliro amene sindinamve?"

Anabweza pepala m'kachitini n'kutenganso nkhwangwa.

Ndinali nditakonza mawu ambiri panjira, opepesa, ofotokoza, ena a m'Baibulo. Onse anali opanda ntchito. Ndinatembenuka, ndinatuluka pa chipata, ndinayenda mpaka nyumba inabisika m'nkhungu. Pamenepo ndinavula chipewa, ndinavula nsapato ndi masokosi, ndinazisiya patsinde pa mtengo. Kenaka ndinabwerera ngati munthu amene akungofika kumene. Sindinapite kukhitchini. Ndinakhala pansi pabwalo, pa udzu wonyowa, ndinatambalala, ndinaweramitsa mutu.

Nkhwangwa inalira kawiri, n'kusiya. Madzi ankadontha kuchokera m'mitengo, kuzizira kunkalowa m'mafupa. Kenaka ndinaona mapazi awo. Anakhala pansi moyang'anana nane.

"Kwagwanji, mlendo?"

"Ndachokera kumudzi, achimwene. Kumudzi sikuli bwino. Amayi aja munawasiya akudandaula mwendo, anaNgozo, atisiya."

Ndinanena ngati zachitika dzulo. Iwo anafunsa motsitsa, "Liti?"

"Lachitatu m'mawa, nkhuku zitangotuluka. Tawaika Lachinayi, pafupi ndi abambo."

"Anadwala masiku angati?"

"Masabata awiri. Mwendo unatupa mpaka m'chiuno, kenaka anasiya kudya."

"Panali ndani?"

"Achemwali a Esitere anawagwira mutu. Ine ndinali kumiyendo."

"Ananenapo kanthu?"

Apa ndiye ndinazindikira kuti m'mizere isanu ija, ngakhale m'makalata atatu otsatira, sindinalembemo zimenezi. Ndinati, "Dzulo lake anafunsa za inu. Anati, kodi Filipo bulangete ali nalo kuphiri kuja? Mwana ameneyu akagona amafundukula."

Amayi, achimwene analira. Munthu wa imvi, amene anaona anzake akukwiriridwa ndi miyala pansi pa dziko, anaika manja kumutu n'kulira mokweza ngati kwathu, akuitana, "Mayi wanga ine, mayi wanga ine, mwandisiyira yani!" Mawu awo analowa m'nkhalango muja n'kubwerera. Mbalame ina ya mapiko ofiira inabuka pamtengo n'kuzimirira m'nkhungu. Ine ndinkati ndinalira kale zaka zinayi zapitazo, koma ndinapezeka ndikuthandizana nawo. Panalibe wotitonthoza, panalibe wotiletsa. Tinalira mpaka tinatopa tokha.

Atapukuta m'maso anandiyang'ana mapazi. "Iwe, nsapato wataya kuti? Ukadwala chibayo kuno anaNyoni adzandidya wamoyo. Dzuka, kamwe tiyi."

Tsiku lonselo anandifunsa za maliro anu, chimodzi chimodzi: anakumba manda ndani, nyimbo anaimba ziti, amalume anafika kodi, ng'ombe inaphedwa iti. Ndinawauza zonse zimene ndinakumbukira. Zina anandifunsa kawiri. Koma za kubwera kumudzi sanatchule, ndipo ine ndinaopa kufunsanso. Chakumadzulo mtambo unang'ambika pang'ono, ndipo anandikokera pazenera lija. Kutali, kuseri kwa chigwa cha Shire, kunaoneka mzere wa mapiri. Sindikudziwa ngati analidi athu. Iwo anati ndi athu, ine ndinavomera.

M'mawa wa tsiku lachitatu anandiperekeza. Anandinyamulira chikwama, tinadutsa m'mitengo ya paini ija. Ndinkawerenga mapazi, ndikudziwa kuti nkhalango ikatha abwerera, ndipo ndikafika kwa achemwali chimanjamanja. Titafika pamene kanjira kamayamba kutsetsereka, dzuwa linatiwomba kumaso. Anaika chikwama pansi.

"Bwana akwera kuno kukayamba kutentha," anatero. "Isanafike nthawi imeneyo ndikhoza kusiyira mnzanga wa zankhalango makiyi, masiku asanu. Mwezi uno ukatha, winawo ukangooneka, Loweruka loyamba. Ndidzatsika lole pamphambano ya kwathu."

"Ndidzauza achemwali akonze."

"Usawauze zophikaphika. Uwauze kuti denga asakhudze, ngakhale udzu umodzi. Ndipo iwe udzandidikire pamsewu. Sindidzalowa m'mudzi ndekha ngati wobwera kudzacheza. Ndikubwera kumaliro. Udzanditsogolere mpaka kumanda, kenaka ndiye tidzaone za nyumba."

Ndinawagwira dzanja ndi manja awiri. Iwo anati, "Pita, dzuwa likupsereza. Ukatsike bwino, aphunzitsi, mawondo a choko amenewo." Ndinatsika ndikucheuka, mpaka anabwerera m'mitengo.

Mwezi uja waoneka dzana, Amayi, wowonda ngati chikhadabo, pamwamba pa khola. Loweruka lake ndi lino likubwerali. Achemwali aviika kale chimera cha thobwa ngakhale anauzidwa kuti asavutike. Amalume tawauza, akuti abwera ndi ndodo yawo ngakhale atanyamulidwa. Khoma la kumadzulo ndalichirikiza ndi mitengo iwiri kuti lidikire masiku atsalawa. Dzulo ine ndi anaNyoni tinakalambula kanjira ka kumanda, chifukwa kanali katamera tsekera.

Choncho Loweruka masana, mukadzamva kulira kuchokera kumsewu, kukubwera chakumanda kuno, musadzadzidzimuke kuti m'mudzi mwagwanso zotani. Tonse tili bwino. Adzakhala mwana wanu woyamba, wangomva kumene.

Ine ndidzakhala patsogolo pawo, ndipo ndikulonjeza kuti sindidzawasiya mpaka nditawafikitsa pamene mwagona.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Tomasi